Petulo akadontha pansi pa nthaka, kompyuta ingadziwe kumene walowera?

Thanki ya pamalo omwetsera mafuta imakhala yokwiriridwa, ndipo ikachita dzimbiri n'kuyamba kudontha, pamwamba sipaoneka kanthu. Magalimoto amangobwera, kumwetsa, n'kumapita. Mwini malo akaona kuti malita amene thankala inatsitsa sakugwirizana ndi amene agulitsidwa, maganizo ake amayamba athamangira kwa anyamata a papampu. Zoti mafutawo akulowa m'nthaka zimadzadziwika mochedwa, kawirikawiri amayi otunga pamjigo wapafupi akayamba kudandaula kuti madzi akumveka kafungo ka palafini. Pofika apo mafunso amakhala atachuluka: mafutawa afika pati, akulowera kwa yani, nanga adzatha liti?

Kuno ku Mangochi nkhani yotereyi si yakutali. Tawuni yathu inakhala m'mphepete mwa Shire, pakati pa nyanja ya Malawi ndi nyanja ya Malombe, ndipo m'madera ambiri a kugombe madzi a pansi ali pafupi zedi. Wokumba chitsime satsika kwambiri asanaponde matope. Mipopi ya Southern Region Water Board sinafike paliponse, choncho mabanja ochuluka amamwa za pamjigo ndi pachitsime. Mafuta nawo ali ponseponse: m'mathanki a m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay, m'mainjini a maboti a asodzi, m'zigayo za dizilo, m'magalaja mmene oilo wakuda amangomukhuthulira kuseri, ndiponso m'zigubu zimene zimatulukira paliponse mafuta akasowa m'dziko.

Petulo ndi wopepuka kuposa madzi. Lita imodzi imalemera magalamu pafupifupi 740, pamene ya madzi ndi 1,000. Akadontha amatsika pang'onopang'ono, wina n'kutsalira m'timipata ta mchenga, wina n'kukafika pamene payambira madzi a pansi n'kuyandama pamenepo. Woyandamayu sapita patali kwenikweni. Chimene chimayenda ulendo ndi timagawo ta petulo timene timasungunuka m'madzi, makamaka tinayi: benzene, toluene, ethylbenzene ndi xylene, timene akatswiri amatitchula pamodzi kuti BTEX. Madzi a pansi akamadutsa pansi pa mafuta aja, tsiku lililonse amatengako pang'ono n'kupita nato, ndipo pamapangika mzere wa madzi oipa wolunjika kumene madziwo akutsetserekera.

Mwa zinayizi, woopsa kwambiri ndi benzene, chifukwa n'zotsimikizika kuti amayambitsa khansa ya m'magazi. Bungwe la World Health Organization limati m'lita imodzi ya madzi akumwa asapitirire mamaikulogalamu 10 (maikulogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu). Kuti muone kuchepa kwake, tiyerekeze petulo amene gawo limodzi mwa magawo 100 ndi benzene. M'lita imodzi muli benzene wa magalamu pafupifupi 8.8, wokwanira kufikitsa malita 880,000 a madzi pamalire amenewo. Chodetsa nkhawa china n'chakuti benzene amatha kupyola malirewo mphuno isanamve kanthu, ndipo klorini amene timathira m'ndowa nthawi ya kolera sachotsa mafuta. Ntchito yake ndi kupha tizilombo basi.

Tsono popeza sitingafukule tawuni yonse kuti tione, akatswiri amakumba malo ochepa, n'kuwerengera zotsalazo. Masamu ake anayamba kalekale. Mu 1856 Henry Darcy, injiniya wa madzi mumzinda wa Dijon ku France, anadutsitsa madzi m'mapaipi odzaza mchenga n'kupeza kuti liwiro lake limadalira zinthu ziwiri: mmene dothi limalolera madzi kudutsa, ndi kupendekeka kwa madziwo kuchoka pamene ali m'mwamba kupita pamene ali m'munsi. Mchenga waukuluukulu umalola kwambiri, dongo ndi makande zimakaniza. Madzi a pansi nthawi zambiri sayenda mothamanga ayi. Tengani mchenga umene mphamvu yake yodutsitsa madzi ndi mamita 10 patsiku, kupendekeka kukhale mamita 2 pa kilomita, ndipo timipata tikhale gawo limodzi mwa magawo anayi a mchengawo. Madzi aziyenda masentimita 8 patsiku, ndiye kuti mamita pafupifupi 29 pachaka. Mjigo umene uli pa mamita 90 ungakhale bwinobwino zaka zitatu, anthu akumwa mosaopa, zoipazo zili m'njira.

Vuto n'lakuti nthaka si yofanana paliponse. Apa mchenga, apo dongo, uko mtsinje ukukoka madzi, kuno pampu ikupopa. Masamu a papepala amalephera, ndiye mpamene kompyuta imalowerera. Katswiri amatenga mapu a deralo n'kuwadula m'timabokosi tambirimbiri, m'litali, m'lifupi ndi kutsika pansi. Ganizirani bawo: dzenje lililonse lili ndi njere zake, ndipo njere zikachoka m'dzenje ili ziyenera kupezeka m'lotsatira, palibe yosowa. Kabokosi kalikonse amakauza mtundu wa dothi lake, mvula imene imalowamo, ndi ngati muli mjigo kapena mtsinje. Kompyuta imawerengera madzi olowa ndi otuluka m'kabokosi kalikonse, mobwerezabwereza, mpaka zonse zitagwirizana. Pulogalamu yotchuka pa ntchitoyi ndi MODFLOW, imene bungwe la boma la America loona za nthaka ndi madzi, USGS, linatulutsa mu 1984. Ndi yaulere, ndipo laputopu wamba imatha kuiyendetsa.

Zimene kompyuta yatulutsa koyamba sazikhulupirira. Amatenga mayankho ake n'kuwayerekeza ndi kuya kwa madzi kumene ayeza m'zitsime zenizeni. Ikati pamjigo wa kusukulu madzi ali pa mamita 4 pamene tepi yaonetsa 6, amabwerera kukasintha manambala a dothi mpaka ziyandikane. Apa pali msampha umene odziwa ntchitoyi amauvomereza: manambala osiyana amatha kupereka yankho lofanana. Ungachulutse mvula yolowa pansi n'kuchulutsanso kulola kwa mchenga, madzi n'kuoneka ali pomwe paja, koma liwiro lake litawirikiza kawiri. Ndiye chiyerekezo cha pakompyuta chogwirizana ndi zitsime zitatu chikhoza kukhala cholakwikabe pa funso lenileni, loti zoipa zifika liti.

Madzi akadziwika mayendedwe ake, pulogalamu yachiwiri imaikamo mafuta aja. MT3D, imene Chunmiao Zheng analemba mu 1990, imawerengera zinthu zitatu. Choyamba ndi kutengedwa ndi madzi. Chachiwiri ndi kumwazika, poti madzi amazungulira timiyala m'njira zosiyanasiyana, ena kutsogola ena kutsalira. Chachitatu ndi kumatirira: benzene ndi anzake amakakamira pa zowola za m'dothi, motero amayenda mochedwerapo kuposa madzi. M'dambo la dothi lakuda kuchedwaku n'kwakukulu. Mumchenga woyera wa kugombe n'kochepa kwambiri.

Zikanathera pamenepa, mzere uja ukanangotalika chaka ndi chaka mpaka kukafika ku Shire. Koma pansi pali odya. Mabakiteriya a m'nthaka amadya petulo, ndipo safunika kuwaitanitsa kunja, alimo kale. Kuti adye amafunika chopumira, ndipo chimene amachikonda ndi okosijeni. Apa masamu ndi owawa: kugaya miligalamu imodzi ya BTEX kumafuna mamiligalamu oposa pang'ono 3 a okosijeni, pamene madzi ofunda ngati athu, ngakhale atakhuta mpweya, amasunga mamiligalamu pafupifupi 8 okha m'lita. Madzi a pansi nthawi zambiri amakhala ndi ochepera apo. Choncho pakati pa mzere okosijeni amatha msanga. Akatha, mitundu ina ya mabakiteriya imalowa m'malo, ndipo imatsata ndondomeko yodziwika: amayamba opumira nitrate, kenako manganese, kenako chitsulo chimene chimapatsa dothi kufiira, kenako sulfate, ndipo pomaliza amabwera opanga mpweya wa methane. Amene amagwira ntchito popanda okosijeni ndi ochedwa, ndipo benzene ndiye amawavuta kuposa toluene. Kudya kwachangu kumachitika m'mphepete mwa mzere, pamene madzi oipa akukumana ndi madzi abwino obweretsa okosijeni watsopano.

Zimenezi zimasiya zizindikiro zoti munthu angayeze. Pakati pa mzere okosijeni kulibe, nitrate wachepa, chitsulo chosungunuka chachuluka. Madzi otere ukawatunga amaoneka oyera, koma ukawasiya m'beseni amasanduka ofiirira, chifukwa chitsulo chija chakumana ndi mpweya. Pokhapokha si umboni wa mafuta, poti mijigo yambiri ili ndi chitsulo mwachilengedwe, koma katswiri akayerekeza chitsime cha kumtunda ndi cha kumunsi kwa thanki amaona ngati mabakiteriya ali pantchito. Mapulogalamu monga BIOPLUME, RT3D ndi BIOSCREEN (yomalizayi inatulutsidwa mu 1996 ndi EPA, bungwe la boma la America loteteza zachilengedwe) analembedwa kuti awerengere kudyaku pamodzi ndi kuyenda kwa madzi.

Zambiri zimene timadziwa zinachokera pangozi imodzi. Mu Ogasiti 1979 paipi ya mafuta osayenga inaphulika pafupi ndi tawuni ya Bemidji m'chigawo cha Minnesota ku America, ndipo malita pafupifupi 1.7 miliyoni anatayika. Atachotsa amene akanatha kuchotsa, ochuluka ndithu anatsalira m'nthaka, ndipo kuyambira 1983 asayansi a USGS akhala akuyeza malowo. Anapeza kuti mzere wa benzene unatalika mochedwa kwambiri poyerekeza ndi madzi ouyendetsa, chifukwa cha mabakiteriya. Anapezanso zina zosakondweretsa. Patatha zaka zoposa 40 mafuta akadalipo pansipo. Ndiponso mabakiteriya aja posungunula chitsulo cha m'dothi anamasula arsenic amene anali womatirira pachitsulocho, poizoni wina n'kulowa m'madzi amene kale analibe vuto limenelo.

Mu kompyuta, kudya konseku nthawi zambiri kumalowa ngati nambala imodzi: masiku amene amatenga kuti benzene achepe ndi theka. Onani mmene nambala imeneyi imalamulira zonse. Tinene kuti pansi pa thanki madzi ali ndi mamaikulogalamu 5,000 m'lita. Kuti atsike kufika pa 10, ayenera kudulidwa pakati maulendo 9. Ngati kudula kumodzi kumatenga masiku 100, ndiye masiku 900, ndipo pa liwiro lija la masentimita 8 patsiku madzi akhala atayenda mamita 72. Mjigo wathu wa pa mamita 90 wapulumuka. Koma ngati kudula kumodzi kumatenga masiku 200, mzere ufika mamita 144, ndipo mjigo uja uli m'kati. Pulogalamu ndi yomweyo, mapu ndi omwewo, zithunzi zonse ziwiri n'zokongola mofanana. Chasintha ndi nambala imodzi imene munthu analemba ndi zala zake. Ngati anaitenga m'buku osati m'zitsime za pamalopo, chithunzicho chikungobwereza maganizo ake.

Mu 1995 akatswiri a Lawrence Livermore National Laboratory, malo a kafukufuku a boma la America, anaunika malo ambiri ku California amene mathanki anadontha, n'kupeza kuti mizere yambiri ya benzene inaima isanapyole mamita pafupifupi 80. Kafukufukuyu anathandiza kuti maboma ayambe kulola njira yosiyira chilengedwe ntchito kwinaku akuyeza pafupipafupi. Njirayi ndi yoona ndipo imapulumutsa ndalama. Koma ine ndimaiopa ikafika m'manja mwa munthu amene akungofuna kuthawa bilu, chifukwa mawu oti "mabakiteriya adya okha" ndi otsika mtengo kuwanena. Ndipo mamita 80 m'tawuni ya Mangochi si tchire ayi. Ndi nyumba zingapo, malo odyera, mwina ndi zitsime ziwiri.

Pali zifukwa zakwathu zimene zimachititsa kuti manambala a kunja asatengedwe mwachimbulimbuli. Choyamba ndi ethanol. Malawi anayamba kusakaniza ethanol m'petulo mu 1982, ndipo lero amachokera ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota ndi ku PressCane ku Chikwawa, kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Ethanol payekha sakhalitsa pansi, mabakiteriya amamudya msanga. Vuto ndi lomwelo: amayamba iyeyo, n'kutha okosijeni ndi nitrate yense, benzene n'kudutsa osakhudzidwa. Kafukufuku wa kunja waonetsa kuti pamene pali ethanol mzere wa benzene umatha kutalikirapo. Chiyerekezo cha petulo wa ku Malawi chimene sichinawerengere ethanol chikhoza kulonjeza mzere waufupi kuposa weniweni. Kutentha nako kuli ndi mbali ziwiri. Madzi athu a pansi ndi ofunda kuposa a ku Minnesota, zimene zimafulumizitsa mabakiteriya, koma madzi ofunda amasunga okosijeni wochepa.

Chachiwiri ndi nyanja. Aliyense wa kugombe anaona mu 2024 mmene madzi anakwerera mpaka kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za anthu. Nyanja ikakwera, madzi a pansi a m'mphepete mwake amakweranso. Kupendekeka kuja kumachepa, ndipo pafupi ndi gombe madzi amatha kuyamba kukankhira kumtunda kwa kanthawi. Mzere umene chaka chatha unkalunjika kunyanja ungakhote. Mafuta oyandama nawo amakwera ndi madzi, ndipo madzi akatsika m'chilimwe amatsala atapakika m'mchenga wonse umene adutsamo. Dzinja likubweralo madzi akafikanso pamenepo amasungunula zatsopano, motero chitsime chimene mu Okutobala chinaoneka ngati chikuchira chimapezeka chaipiratu mu Malichi. Kuyeza kamodzi kokha n'kulemba lipoti n'kudzinamiza. Chiyerekezo cha ku Mangochi chiyenera kuyenda ndi nyengo, mwezi ndi mwezi, ndi kutsatira kukwera ndi kutsika kwa nyanja ndi Shire, kumene kumakhudzidwanso ndi zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde.

Mapampu a sola, amene akuchuluka m'masukulu, m'zipatala ndi m'minda yothirira, amakoka madzi ambiri kuposa mjigo wa pamanja, ndipo amatha kukokera mzere kwa iwo eni. Izi kompyuta imazigwira bwino, ndipo mwina ndi ntchito yake yopindulitsa koposa: kufunsa kuti tikakumba apa zichitika zotani, tisanalipire wokumba. Kumtunda, cha ku Namwera, madzi ambiri amayenda m'miyala yofumbutuka ndi m'ming'alu ya thanthwe. M'ming'alu madzi amathamanga ndipo amatsata njira zokhotakhota zimene timabokosi tija sitiziona bwino, choncho kumeneko zotuluka mu kompyuta n'zofunika kuzikayikira kwambiri. Palinso chinthu chodabwitsa: zimbudzi zokumba zimathira nitrate m'madzi a pansi, ndipo nitrate ameneyo amathandiza mabakiteriya kudya mafuta. Koma musasangalale, madzi ake ndi osamwekabe.

Zonsezi zikutibwezera ku chinthu chimene chimadula ndalama: kuyeza. Kuti udziwe kumene madzi akulowera pamafunika zitsime zoyezera zosachepera zitatu, zosakhala mumzere umodzi, ndipo pakamwa pa chilichonse payezedwe kutalika kwake molondola, chifukwa pamalo athyathyathya kulakwitsa ndi masentimita ochepa kumatembenuza muvi wonse. Woyeza amatsitsa kapaipi koonekera m'kati, ndipo akakakweza, ngati pali mafuta, amaoneka atakhala pamwamba pa madzi, achikasu, ndipo amawayeza kukhuthala kwake ndi rula. Madzi opita kulabotale amathiridwa m'timabotolo tagalasi ta mamililita 40, todzaza mpaka kusefukira. Akatseka amatembenuza kabotolo n'kukagogoda ndi chala. Kakaoneka kathovu ka mpweya, amataya n'kuyambiranso, chifukwa benzene amathawira m'kathovuko. Kenako timabotoloto tiyende mu ayezi mpaka kukafika pa makina a gas chromatography, amene amayeza kuchuluka kwa benzene ndi anzake m'madzimo. Kuyeza kumene kumachitika mjigo ukangokumbidwa kumayang'ana tizilombo, mchere, chitsulo ndi fluoride. Pepala loti madzi ndi abwino lochokera kumeneko silinena kanthu za petulo.

Malamulo alipo. MERA ndiyo imapereka ziphaso kwa ogulitsa mafuta. National Water Resources Authority, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la madzi la 2013, imayang'anira madzi a pansi ndi kukumba mijigo. MEPA, bungwe loteteza zachilengedwe, inabwera ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, ndipo lamulolo limatsata mfundo yoti woipitsa ndiye alipire. Munthu amene wamva fungo la mafuta pamjigo asiye kumwa madziwo, auze komiti ya mjigo ndi mlangizi wa zaumoyo, nkhaniyo ikafike ku ofesi ya madzi ndi ya zachilengedwe kukhonsolo. Kuphitsa si yankho, chifukwa benzene amatuluka ndi nthunzi n'kupumidwa ndi wophikayo.

Ndipo tsiku lina katswiri akadzaima pamsonkhano kwa amfumu ndi mapu amitundumitundu oonetsa kuti mzere suzafika pamjigo, anthu ali ndi ufulu womufunsa mwaulemu: Bambo, zitsime zoyezera munakumba zingati, ndipo zili pati? Munayeza dzinja ndi chilimwe chomwe? Nambala ya kudya kwa mabakiteriya munaipeza pano kapena m'buku? Mukaiwirikiza kawiri, mjigo wathu ukhala kuti? Nanga gwero lake mwatseka? Funso lomalizali ndi lalikulu, chifukwa masamu onse a kuchepa aja amagwira ntchito ngati thanki yasiya kudontha ndipo dothi lonyowa mafuta lachotsedwa. Umboni wotsika mtengo wa tsiku limene kudontha kunayamba nthawi zambiri uli pamalo omwetsera pomwepo: buku limene amalembamo m'mawa uliwonse akaviika ndodo yoyezera m'thanki. Malita osowa m'bukumo, mwezi ndi mwezi, ndiwo nambala yoyamba imene kompyuta imafuna, yoti pansipo palowa mafuta ochuluka bwanji ndipo kuyambira liti.